Axio ya 2008: fyuluta ya AC yasinthidwa koma mpweya sukutuluka bwino

Makaniko wa ku Ndirande: Akuluakulu, thandizeni. Toyota Axio NZE141. Mwini wake anasintha yekha fyuluta ya mpweya wa m'kati kunyumba. Panopa ngakhale fani ikhale pa 4, sipidi yake yomaliza, mpweya ukungotuluka ngati munthu akupuma, komanso mukununkha chinyezi. AC ikuzizira ndithu. Ndiyambire pati?

Wa AC ku Area 25: Achimwene, musanamasule china chilichonse, chotsani fyulutayo muyatse fani pa 4 popanda iyo. Mpweya ukabwera wamphamvu, vuto ndi fyuluta kapena kaikidwe kake. Ukakhalabe wofooka, vuto lili pansi pake.

Madala a ku Zomba: Komanso yang'anani muvi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Fyuluta ya Toyota, monga 87139-30040, imakhala ndi muvi wolembedwa UP, ndipo umenewo uloze kumwamba. Zambiri zogula m'mashopu a zipangizo zimalembedwa AIR FLOW. Pa Axio mpweya umachokera pamwamba kutsikira ku fani, choncho muvi wa AIR FLOW uloze pansi. Munthu akaona muvi amangoti uloze kumwamba basi, n'kuitembenuza.

Koma kunena zoona, kutembenuza kokha sikutseka mpweya chonchi. Chimene chimatseka ndi fyuluta yosakwana malo, yoikankhira mokakamiza mpaka mapindo ake aphwanyika n'kuunjikana. Iyikeni pambali pa yakale muone ngati zikufanana m'litali, m'lifupi ndi kukhuthala.

Makaniko wa ku Ndirande: Zikomo madala. Inali yotembenuza, AIR FLOW kuloza kumwamba, koma ndi yokwana bwino. Ndaichotsa, mpweya wawonjezeka pang'ono chabe. Fani ikupanganso phokoso ndi kunjenjemera pa 3 ndi 4.

Wamagetsi ku Mzuzu: Ngati ikuzungulira pa masipidi onse anayi, resistor, kachipangizo koyendetsa masipidi a fani, ilibe mlandu. Ikapsa, fani imagwira pa 4 pokha. Kunjenjemerako ndi zinyalala m'fani. Posolola fyuluta yakale, masamba, fumbi ndi zisa za makoswe zomwe zinali pamwamba pake zimagwera molunjika m'fani, chifukwa fani ili pansi penipeni. N'chifukwa chake yakale imasololedwa pang'onopang'ono, osaipendeketsa.

Zimitsani galimoto, chotsani glove box, lowani pansi kumanzere, mbali ya pasenjala. Zulani pulagi, masulani masikuluwu atatu, fani itsika yokha. Itsukeni ndi burashi ndi mpweya wa kompuresa. Mukaona tizitsulo tating'ono tokanirira pa mapiko ake, musatichotse, ndi tomwe timapangitsa kuti izizungulira mosagwedera.

Wa AC ku Area 25: Fani ili kunjako, walitsani tochi kulowera ku evaporator, chitsulo chimene chimaziziritsa mpweya wa AC. Ngati galimoto inayendapo popanda fyuluta, mupeza fumbi laundana ndi chinyezi ngati matope. Fungo likuchokera pamenepo. Thirani thovu lotsukira evaporator, dikirani mphindi 10 mpaka 15, litsikire kunja. Musakande ndi waya, timapepala ta aluminiyamu timapindika msanga.

Onaninso paipi yotaya madzi. AC ikayaka mphindi zingapo, pansi pa galimoto payenera kudontha madzi. Pakauma, ndipo kapeti ya pasenjala yanyowa, paipiyo yatsekeka. Ipemerereni mpweya wochepa kuchokera kunsi.

Madala a ku Zomba: Mwini wake mumuuze kuti fyuluta ya pepala sachapa ndi madzi. Kukutumula fumbi kumangothandiza kwa kanthawi. Kwa oyenda m'misewu ya dothi, ine ndimati isinthidwe pa makilomita 10,000, makamaka fumbi la Seputembala ndi Okutobala likatha. Fyuluta ya makala imachepetsa fungo la utsi koma imabweza mpweya pang'ono kuposa yoyera wamba.

Makaniko wa ku Ndirande: M'fani munali masamba ndi zinyenyeswa za pepala zodzaza dzanja, paipi inalinso yotsekeka. Ndatsuka zonse, fyuluta ndaiika muvi kuloza pansi. Mpweya wabwerera, phokoso latha. Chatsala ndi kachingwe kogwira glove box, kanathyoka pochotsa. Alipo amene ali nako?

Wamagetsi ku Mzuzu: Funsani kwa ophwasula galimoto, tengani kothyokako akafananize.