Ulendo wa pa boti ku zilumba za Maleri, Mumbo ndi Domwe: tiwedze pati, tisambire pati?

Wa pa Bembeke:

Akuluakulu, tigawireniko nzeru. Tilipo anthu asanu ndi mmodzi a kuno ku Dedza, tikufuna kubwereka boti la thanga lokhalanso ndi kainjini kuti tizungulire zilumba za kumwera kwa nyanja masiku atatu. Cholinga n'kukaona nsomba pansi pa madzi ndi magalasi aja, komanso kuwedzako ndiwo. Taganiza za mwezi wa Julaye. Awiri mwa ife kusambira n'kongoyesera. Titenge chiyani, nanga ng'ona zilipo kumeneko?

Msodzi wa ku Mtakataka:

Achimwene, Julaye muiwale. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyanja ndi ya mwera, ndipo mwera ukayamba umatha kuwomba masiku angapo osapuma. Dikirani kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala: madzi amakhala oyera, ofunda, mphepo yachepa. Mukachedwanso mpaka mvula itagwa, mpoto ndi mabingu zimabwera mwadzidzidzi, ndiye mtsinje wa Linthipe, womwe umachokera kwanu komweko, umatsanulira matope pafupi ndi Maleri moti pansi pa madzi simuona kanthu.

Njira yake, tsikani Khwekhwelere mpaka pa Golomoti. Mukafuna Maleri, Nankoma ndi Nakantenga mulowere ku Salima mukakwerere ku Senga Bay. Mukafuna Thumbi, Domwe ndi Mumbo mulunjike msewu wa ku Monkey Bay mpaka kwa Chembe. Pa masiku atatu sankhani mbali imodzi. Kudutsa pakati kuchoka ku Maleri kupita ku Mumbo ndi mtunda wopanda pothawira mphepo ikasintha.

Muzinyamuka mbandakucha kuti pofika 10 koloko mukhale mutakocheza. Injini ya mahatchi 15 ikamathamanga mapeto imamwa pafupifupi malita 7 pa ola. Mafuta muwagawe patatu: opitira, obwerera, ndi osakhudza. Ngati ndi ya 2-stroke, zambiri zimafuna muyezo wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo, koma funsani mwini wake. Oyilo akachuluka mapulagi amada injini n'kumakana kulira, akachepa injini imatentha n'kugwira. Tengani mapulagi awiri apadera ndi sipanala yake, nkhafi ziwiri, chigubu chodula chokapira madzi, ndi tochi. Chingwe cha nangula chitalike kasanu kuposa kuya kwa madzi, chifukwa chikafupika nangula amangokwekwereka usiku inu muli mtulo. Ndipo musapite opanda munthu wa m'mudzi momwemo wodziwa pomwe pali miyala yobisika.

Nachisale wa pa Ntcheu boma:

Za mphepo anena bambowa n'zoona. Ine ndikambe za awiri osadziwa kusambirawo. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, choncho sayandamitsa thupi ngati a ku Beira kapena ku Zanzibar. Pa zilumbazi mwala umatha mwadzidzidzi, phazi limodzi muli m'chiuno, lachiwiri simupondanso pansi. Avale jekete yoyandamitsa nthawi yonse, zingwe zake zomangidwa bwino, ndipo wina azikhala m'boti n'kumayang'ana. Chubu cha galimoto chomangirira ku boti chimathandiza popumulira, koma sichilowa m'malo mwa jekete.

Galasi muliyese musanalipire. Liikeni kumaso osakoleka lamba, kokani mpweya ndi mphuno pang'ono. Likamamatira lokha ndiye lakukwanani. Likagwa, lidzalowa madzi ngakhale mumange bwanji, ndipo kumangitsa lamba n'kumene kumapinda mphira wake n'kuwonjezera kudontha. Tsitsi ndi ndevu za pamlomo zikapanikizika pansi pa mphira zimalowetsanso madzi. Latsopano mulitsuke mkati ndi mankhwala otsukira mano, kenako musanalowe m'madzi lavulirani malovu, pakani ndi chala, tsukuluzani kamodzi. Likatero silichita nkhungu. Paipi yopumira ikalowa madzi musadzidzimuke n'kukoka mpweya, uzirani mwamphamvu kamodzi madziwo atuluke. Wofuna kumira kupitirira mamita awiri atsine mphuno n'kuuzira pang'onopang'ono makutu asanayambe kupweteka. Muli ndi chimfine musamire.

Ndiye mbuna, nsomba zing'onozing'ono zamitundumitundu za m'miyala zija. Musamathamangitse, ingoyandamani chete pamwamba pa mwala mphindi zisanu, zibwera zokha. Yamphongo, yowala buluu ija, imakhala ndi kamwala kake komwe imapitikitsapo inzake iliyonse. Yang'anitsitsani zotuwirako zomwe zatupa kukhosi ndipo sizikudya: ndi zazikazi zomwe zafungatira mazira m'kamwa, pafupifupi milungu itatu. Pa mitundu ina, ana akatuluka, mukayandikitsa dzanja amathamangira m'kamwa mwa mayi wawo onse pamodzi ngati utsi ukubwerera m'botolo. Mitundu ina imapezeka pa chilumba chimodzi chokha basi. Buledi musaziponyere, chakudya chawo ndi ndere za pamiyala. Valaninso malaya posambira, poti dzuwa la Okutobala limasupula msana inu mukumva kuzizira.

Wa pa Bembeke:

Zikomo kwambiri amayi, Julaye tamusiya. Nanga mbedza tingaponye pomwepo pamene tikusambirapo?

Mkulu wa ku Golomoti:

Ayi mwanawe, pamenepo mugwidwa. Zilumba zonse zatchulidwazo zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa mu 1984 m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse. Madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi oletsedwa kuphamo nsomba, ndipo polowa pali ndalama yolipira. Za chilolezo chowedzera funsani a zausodzi kapena komiti ya padoko musanakwere boti.

Kunja kwa malirewo, nsomba yosavuta kwa mlendo ndi ncheni. Nyambo yake ndi usipa wauwisi, ugulidwe kwa asodzi a ukonde wa chilimira m'mawa akamakocheza. Lowetsani mbedza kukamwa ituluke chakumsana kuti usipa uwongoke; ukapindika umazungulira n'kupota chingwe. Mangani kamtovu kapena kanati kumapeto, mbedza ziwiri kapena zitatu pamwamba pake motalikirana ngati mkono. Ncheni imayenda pagulu, ndiye ikadya imodzi ikani mfundo pa chingwe kuti muzibwerera pa kuya komweko. Ili ndi mano, muzisisita chingwe pafupi ndi mbedza, chikakhakhala dulani mumangenso. Kampango amadya usiku pansi penipeni pafupi ndi miyala, ndipo pamenepo mbedza zimakodwa kwambiri, tengani zambiri. Mukakola nkholokolo musaifumbate, minga yake imaima njii ndipo ikabaya dzanja limatupa. Chambo mungogula, pa mbedza mutaya nthawi. Nsomba muitumbule msanga, muchotse makha, muiike pamthunzi yokutidwa ndi chiguduli chonyowa.

Ng'ona zimakonda bango, madzi amatope ndi pamathiriro a mitsinje, monganso mvuu. Pa miyala ya Mumbo ndi Thumbi sizionekaoneka, koma osasambira kukada kapena m'mawa kusanayere, ndipo matumbo a nsomba musatayire pomwe mwakocheza. Mvuu ikayasamula si tulo, ikukuchenjezani, ndipo musadutse pakati pa iyo ndi madzi akuya. Chomwe chidzakudzidzimutseni kawirikawiri ndi ng'azi ikusambira mutu uli pamwamba. Ambiri amakuwa kuti ng'ona. Katumbu amaoneka m'mawa kwambiri ngati simukusokosera. Nkhwazi ndiye simuchita kuifuna, muimva yokha.

Nachisale wa pa Ntcheu boma:

Ndinaiwala likodzo. Nkhono zake zimachuluka pagombe la m'midzi pomwe anthu amachapa ndi kusamba, monga kwa Chembe, ndiye pokwera boti musachedwe m'madzi osaya. Mukabwerako dikirani milungu 6 mpaka 8 musanamwe mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel, chifukwa sapha bwino tizilombo tikadali tating'ono. Kuchipatala amapereka molingana ndi sikelo, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, choncho wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi. Mumwe mutadya nsima, pamimba popanda kanthu amachititsa chizungulire.