Timatabwa tikungothyoka kutsogolo kwa Cutty Sark yanga, ndikulakwitsa pati?

Wongoyamba:
Moni akuluakulu. Ndinagula kiti yamatabwa yomangira kachombo kakang'ono kofanizira Cutty Sark, chombo cha matanga chija chinapangidwa mu 1869 choti chizikatenga tiyi ku China, pano chili ku Greenwich, ku London. Keel (msana wa pansi pa chombo) ndi ma bulkhead (matabwa opingasa okhala ngati nthiti zake) ndamanga bwinobwino koma pokuta thupi ndi timatabwa ndiye zandikanika. Pakati timagona bhobho, ndikangoti ndikhotetsere kutsogolo kosongoka kuja basi thyo! Usiku wathawu ndathyola timatabwa 6, tina tamata koma tasiya mpata woti chikhadabo chikulowa. Vuto ndi matabwawa kapena manja angawa?

Msasa_ndi_Guluu:
Achimwene matabwa alibe mlandu. Ndifunse kaye, m'mbali mwa ma bulkhead munapalamo? Chifukwa amabwera odulidwa mowongoka, pomwe thupi la chombo ndi lokhota, ndiye kathabwa kamangokhudza pangodya pokha n'kupindikira pomwepo. Matani sandipepa pa kamtengo kotalika kofika ma bulkhead atatu nthawi imodzi, muzipala pang'onopang'ono uku mukuyesa ndi kathabwa kamodzi mpaka kagone thupi lonse popanda kuwala kudutsa pansi. Ntchito yotopetsa, fumbi mpaka m'mphuno, ine inanditengera masiku atatu koma mukaidumpha mudzalira mpaka kumapeto.

Wazingwe:
Zoona zimenezo, ndiwonjezereko. Thabwa louma simulikakamiza ayi. Viikani m'madzi otentha mwina mphindi 20, kenako mulikhotetse pa chitsulo chotentha, soldering iron kaya simbi yositira zovala imagwira, chimakhotetsa ndi kutenthako, madziwo amangothandiza kuti kutentha kulowe mkati. Mukatero lipanireni pamalo pake ndi mapegi osathira guluu, liume usiku wonse, mawa lake ndiye mumate. Mukamata lonyowa likauma limabwerera ndiye mipata mukuinenayo.

China chomwe mabuku a m'kiti safotokoza bwino, timatabwa timayenera kusongoledwa. Tengani kapepala kakang'ono muyeze bulkhead iliyonse kuchoka pa keel kufika pa deki. Tinene kuti yapakati ndi 100mm ndipo timatabwa tanu ndi ta 5mm, ndiye kuti tikwana 20. Yakutsogolo ikakhala 60mm, timatabwa 20 tomweto tikuyenera kukwana pamenepo, kalikonse 3mm. Osasongola kupitirira theka la m'lifupi mwake koma, zikafika apo mumathetsa kathabwa kamodzi panjira, awo amati drop plank, amisiri a zombo zenizeni nawonso ankatero.

Mkulu_wa_Victory:
Ine ndinena zomwe simukufuna kumva. Mwayamba ndi chachikulu. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi kiti ya HMS Victory, chombo chankhondo cha Britain cha mkulu wa asilikali Nelson pa nkhondo ya ku Trafalgar mu 1805, mizinga 104, ndinafika pakati n'kuikweza pamwamba pa wadirobu zaka zinayi, akunyumba ankangoti bokosi lanulo titaye liti. Thupi ndi poyambira chabe, kukubwera milongoti itatu ndi zingwe, timakwerero ta ulusi tija timfundo take mumamanga kamodzikamodzi mpaka maso kuchita chidima. Ikani kaye pambali, gulani kachombo ka mlongoti umodzi ngati Lady Nelson ya kampani ya Amati ya 1:64 (yochepa ka 64 kuyerekeza ndi chombo chenicheni), zolakwitsa zonse mukalakwitsire pamenepo.

Wazingwe:
Aaa musawaopseze bambo, haha. Ngati kiti yawo ndi yokuta kawiri (timatabwa tina pamwamba pa toyamba), ulendo woyambawu ukhoza kunyansa palibe vuto, amata filler yotsekera mipata n'kupala. Komanso pansi pa Cutty Sark pamakutidwa ndi timapepala tachitsulo, Muntz metal, zambiri zibisika.

Wongoyamba:
Zikomo nonse. Kunena zoona ma bulkhead sindinawapale olo pang'ono, ndimaona ngati ndiwononga. Ndi yokuta kawiri inde, ndiye sindiisiya, a Victory mundikhululukire. Funso lina, tomwe ndamata kale tija ndichotsa bwanji osathyola ma bulkhead? Ndinathira guluu woyera wamatabwa uja.

Msasa_ndi_Guluu:
Ameneyo savuta. Pakani isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti) ndi kaburashi pomwe pali guluupo, dikirani afewe, mulowetse kampeni pansi pang'onopang'ono. Osakoka ndi mphamvu, kakakana pakaninso.