Galimoto ya mwana wanga yathyoka tsiku la Maule ndi Manoma, kodi alamu alipire?

Nachisale, Chilomoni:

Anzanga ndithandizeni maganizo, mtima wanga sunakhazikike chiyambire Loweruka. Mkulu wanga wa ku Johannesburg anatumizira mwana wanga wa zaka 7 galimoto yoyendera rimoti. Mwanayu amaisamala koopsa. Akatha kusewera amaipukuta ndi kansanza, kuchotsamo mabatire, n'kuibwezera m'katoni yake pansi pa bedi. Panja saitulutsa chifukwa cha fumbi.

Loweruka kunali mpira wa Maule (Bullets) ndi Manoma (Wanderers) pa Kamuzu Stadium. Bambo a kunyumba ndi a Bullets chiyambire ubwana wawo ku Ndirande, koma achimwene awo aakulu ndi a Wanderers. Alamuwo anatulukira m'mawa ndi ana awo atatu pamodzi ndi apongozi, ine osadziwa kalikonse, zochapa zili m'beseni. Ndinazisiya n'kuthamangira kumsika kukawonjezera ndiwo. Abambo awiriwa anadya chothamanga, wina jezi yofiira wina yabuluu, n'kunyamuka kuti akapeze malo abwino. Ana onse anatsala ndi ine.

Wamng'ono wa alamu, wa zaka 5, anaona katoni ija n'kuyamba kuilirira. Wanga anakana. Apa apongozi anati, "Iwe, usamaume manja, ameneyu ndi mng'ono wako. M'patse." Mwana anandiyang'ana kudikira kuti ndinene kanthu, koma apongozi ungawatsutse bwanji pamaso pa adzukulu awo? Anapereka. Anzakewo anaitulutsira panja, kuigwetsa pamasitepe a pakhonde, kenako kumaikankha ndi dzanja mumchenga mouma mtima. Tayala lina lakutsogolo linaguluka, ndipo pano ukadina rimoti imangolira osayenda. Mwana wanga sanalire mokweza, anangopita kuseri kwa nyumba n'kukakhala pa njerwa mpaka dzuwa kupendeka. Apongozi anangoti, "Zidole zimathyoka, ndi ana awa."

Abambo aja anabwera kutada akukangana za oyimbira mpira. Nditawanong'oneza bambo a kunyumba anati, "Za chidole zomwezo? Tikamba mawa." Mawalo linadutsa, mpaka lero zii. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti mwana wanga ndiye anatchedwa woipa, pomwe cholakwa chake palibe. Kodi ndiwauze alamu alipire? Kapena ndizingobisa zidole alendo akabwera?

Mayi a Tadala, Area 25:

Pepani amwali, zimapweteka zimenezo. Ine ndimabisa ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikangomva "odi" pageti, zonse za mabatire zimakwera pamwamba pa kabati, pansi pamatsala mpira, chingwe cholumpha ndi zidole zansalu. Koma kwa alamu musapite nokha kukanena za ndalama. Mawu amenewo akafika kumudzi atasanduka akuti "mkazi wa uje amawerengera abale a mwamuna wake", ndipo adzakutsatani zaka zambiri galimotoyo itaiwalika kalekale. Mwana wathyola ndi wa mchimwene wawo wa amuna anu, ndiye oyankhula akhale amuna anuwo.

Achimwene a ku Bangwe:

Mayi, ine ndine wa Nyerere (Wanderers) kuyambira kale, ndiye za tsiku limenelo ndikuzimvetsa. Matimu awiriwa ndi a mimba imodzi. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 pomwe osewera ena anachoka ku Wanderers komweko. N'chifukwa chake mabanja ambiri mu Blantyre muno ndi ogawikana chonchi, ndipo tsiku limeneli munthu mutu sugwira bwino, kaya wapambana kaya wagonja. Madzulo a tsikulo sinali nthawi yoti bambo angamve nkhani ina. Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Lamulungu lonse anali nalo, akanatha kukhala pansi ndi mwana wawo.

Komanso ndifunse, mnyamata wa zaka 7 bwanji osapita naye kumpira? Ngati akuopa chipwirikiti cha masewero akuluwa, alipo ena ambiri mu ligi omwe anthu sadzaza. Ife atate athu ankatinyamula paphewa popita ku Chichiri, ndipo amayi ankapumako tsiku limenelo. Kusiyira mayi mmodzi ana onse ndi apongozi, opanda ngakhale kumuuza dzulo lake, si bwino.

Nachisale, Chilomoni:

Achimwene, pomwe mwanena za kusandiuza ndi pomwe pali bala. Ndamva kwa akazi awo a alamu kuti ulendowu unapanganidwa Lachitatu pafoni. Ine ndekha ndiye sindinkadziwa, chonsecho wophika ndinali ine.

Agogo Nambewe, Zomba:

Mwanangu, ine ndine mpongozi wa anthu, ndiye ndiyankhulako mbali ya apongozi ako. Ife tinalera ana nthawi yomwe chidole chinali chopanga wekha. Anyamata ankapinda waya kupanga galimoto, matayala a zitini za polishi, kumanga ndi mphira wa chubu, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Mpira unali wachikulunga. Chikathyoka, madzulo omwewo chakonzedwa, palibe amene analira nacho. Apongozi akowo m'maso mwawo anaona galimoto ngati imeneyo. Sakudziwa kuti iyi yachokera kutali, mtengo wake ndi wotani, ndiponso kuti singapindidwe ndi pulayala. Analakwa kumunena mwana kuti ndi wouma manja pagulu, zimenezo sindikana. Koma sanachite mwankhanza.

Ukadzawaona ali okha, uwaonetse galimotoyo m'manja, uwafotokozere mwaulemu kuti mdzukulu wawo sakugona nayo tulo. Agogo akamva choncho amafewa, ndipo mwina ndi iwo omwe adzawauze alamu ako kuti achitepo kanthu. Za ankhoswe usaziganize n'komwe, nkhaniyi sinafike pamenepo. Koma mwanayo lero lomwe umuuze kuti sanalakwe kukana. Akapanda kumva zimenezo kwa iwe, adzaganiza kuti nawenso unagwirizana nazo.

Bambo a Yamikani, Limbe:

Musanataye galimotoyo, mverani izi. Ngati mota ikulira koma matayala osazungulira, nthawi zambiri ndi kagiya kakang'ono kapulasitiki kamene kali pa kachitsulo ka mota. Mwana akaikankha ndi dzanja mwamphamvu, kagiyako kamang'aluka kapena mano ake amadyeka, ndiye mota imangozungulira yokha. Mchenga ukalowamo umachitanso zomwezo. Anyamata okonza mawailesi ndi mafoni kumsika wa Limbe kapena wa Ndirande amatsegula n'kuikamo kena kochokera m'zidole zakufa kapena m'ma DVD akale. Tayala lagulukalo mulisunge, ndipo musathiremo supagulu nokha, amatha kulowa mkati n'kumata zonse. Mabatire achotsenimo pakadali pano kuti asatayikire.

Muwapatse bambo a mwanayo katoniyo Loweruka likubwerali apite naye limodzi kwa okonzawo, ndipo akawaimbire achimwene awo kuti agawane mtengo wake. Pa nkhani ya kukonzetsa alamu sangakane, sizikumveka ngati mlandu.