Ng'oma pa Misa ya m'mawa ndi m'nyengo ya Lenti

Wakwaya wa ku Chipoka: Akuluakulu, ng'oma zathu zikumafooka pa Misa ya m'mawa. Vuto n'chiyani? Komanso, kodi pa Lenti ng'oma zimaloledwa?

Mmisiri wa ku Senga Bay: Achimwene, n'chinyezi cha kunyanja chimenecho. Chikopa chikamwa chinyontho chimakhwepa, ng'oma n'kumalira ngati mtondo. Muziwambe pamakala Misa isanayambe, chapatali ndithu, mukuzitembenuza n'kumagogoda ndi chala mpaka mawu atakwera. Mukayandikizitsa, chikopa chimapsa n'kung'ambikira pazikhomo. Phula lapakati lija limatsitsa mawu. Yambani mwalichotsa, lingasungunuke. Ndipo musamazisiye pasimenti usiku, zipachikeni.

Mayi wa Chigwirizano: Bambo, pa Lenti zoimbira zimangothandiza mawu a anthu, siziimba pazokha, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zikondwerero. Choncho ng'oma imodzi yoombedwa chapansipansi ndi chisekese zakwana. Aleluya saimba konse. Nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu amaimba pa zikondwerero zokha, monga cha Yosefe Woyera pa 19 Malichi, ndi Lachinayi Loyera.

Katekisiti wa ku Khombedza: Zoona, mayi. Mpata wa nyimbo zamakolo m'mapemphero unakula ndi Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1963. Komabe woomba azitsatira anthu. Akathamanga, agogo akumbuyo amangokhala chete.