Ndisankhe UPS yotani yolandira mabatire akunja pa kompyuta ya masewera?

Madalitso_Area25 analemba:

Ndikupempha uphungu kwa inu amene mumadziwa za magetsi. Ndili ndi kompyuta ya masewera imene ndinaisonkhanitsa pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri: purosesa yake ndi Ryzen 5 5600, graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini) ndi RTX 3070, PSU (bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta) ndi ya 650W, ndipo sikirini ndi ya mainchesi 27. Pakadali pano ndimadalira UPS (makina a batire opatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima) yaing'ono ya 650VA imene ndinagulira kompyuta yanga yakale. Ndikamalemba kapena kuwerenga pa intaneti imagwira bwino, koma magetsi akazima ndili pakati pa masewera, imangolira kamodzi n'kuzima pamodzi ndi kompyuta. Sabata yatha zinachitika katatu, ndipo kachitatuko Windows inakana kuyaka mpaka ndinachezera kuikonza.

Kwathu kuno magetsi akapita amatha maola atatu kapena anayi, choncho sindikufuna chongondipatsa mphindi zisanu zozimitsira kompyuta. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndichotse kabatire ka 7Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga) kamene kali m'kati mwa UPS, nditulutse mawaya, ndilumikize batire la galimoto. Kodi zimenezi n'zotheka popanda kuwononga katundu? Ngati n'zosatheka, ndigule chiyani, ndipo mabatire akhale aakulu bwanji?

Mmisiri_Chilomoni anayankha:

Achimwene, malangizo a mnzanuwo musawatsate, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake, popeza ndaona ma UPS ambiri atapsa mwa njira yomweyo. Choyamba, vuto lanu silinayambire pa batire. Nambala ya 650VA si mawati 650. UPS ya msinkhu umenewo kawirikawiri imanyamula pafupifupi 360W mpaka 390W basi. RTX 3070 payokha imakoka 220W ikamagwira ntchito mwamphamvu, ndipo mukawonjezera purosesa, sikirini, mafani ndi rauta, mufika cha m'ma 350W kapena kupitirirapo. Ndiye kuti UPS yanu ikuzima chifukwa yalemedwa, ndipo ngakhale mutaipatsa batire lalikulu ngati la lole, idzazimabe chimodzimodzi.

Chachiwiri, UPS yaing'ono anaipanga kuti igwire ntchito mphindi zochepa. Zambiri zilibe fani, ndipo wopanga anadalira kuti kabatire ka 7Ah kadzatha thiransifoma isanatenthe kwambiri. Mukaika batire lalikulu mwachotsa chitetezo chimenecho, ndipo thiransifoma idzatentha kwa ola lathunthu m'bokosi la pulasitiki. Tchaja yake nayonso ndi yofooka, imapereka pafupifupi 1A kapena kucheperapo, kotero kuti batire la 100Ah limene latsika kufika theka lingafune masiku oposa awiri kuti lidzaze, pamene magetsi azimanso mawa lomwe. Batire la asidi likamakhala losadzaza nthawi zonse limafa msanga. Komanso batire la galimoto analipangira kupereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kutsitsidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku. Limene mukufuna ndi la deep cycle, longa la sola. Pali chinanso choopsa: m'ma UPS ena otchipa, mawaya a batire sanalekanitsidwe ndi magetsi a pakhoma a 230V, ndipo kuwatulutsira kunja m'nyumba momwe muli ana n'kuika moyo pachiswe.

Funani makina amene anapangidwiratu kuti azilandira mabatire akunja, a 24V, onyamula 1000W kapena kuposerapo, okhala ndi fani ndi tchaja ya 10A kupita m'mwamba, ndipo otulutsa magetsi a pure sine wave, kutanthauza osalala ngati a pakhoma. Mfundo yomalizayi musainyozere. Ma PSU amakono ali ndi active PFC (chigawo chowongolera kakokedwe ka magetsi), ndipo ena amalira kapena kuzima akapatsidwa magetsi osasalala a modified sine wave. Makampani monga APC ndi Eaton ali ndi mitundu yokhala ndi polumikizira mabatire owonjezera, koma mabatire ake amakhala a kampani yomweyo ndipo ndi okwera mtengo.

Masamu ake ndi awa. Mabatire awiri a 12V 100Ah olumikizidwa motsatizana amapereka 24V ndi 2400Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Popeza batire la asidi siliyenera kutsika kupyola theka ngati mukufuna likhalitse, mwatsala ndi 1200Wh, ndipo mukachotsa zimene zimatayika mu inveta, imene imasandutsa magetsi a batire kukhala onga a pakhoma, mutsala ndi pafupifupi 1000Wh. Pa 350W, amenewo ndi maola osakwana atatu, mabatire akadali atsopano.

Tiyanjane_Joburg anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mmisiri pa zonse kupatula pa mabatire a asidi. Kuno ku Johannesburg m'chaka cha 2023 magetsi ankazimitsidwa pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina kawiri kapena katatu patsiku, ndipo ambiri amene tinagula mainveta a pangolo okhala ndi mabatire a asidi tinaona okha akufooka chaka chisanathe, chifukwa sankapeza nthawi yodzaza bwino magetsi asanazimenso. Ine ndinasintha n'kugula batire la lithium la mtundu wa LiFePO4, la 25.6V 100Ah, limene ndi 2560Wh, ndipo mungagwiritse ntchito gawo lalikulu la mphamvu imeneyo popanda kuliwononga. Limadzaza msanga, ndi lopepuka, ndipo limapirira kutsitsidwa ndi kudzazidwa maulendo zikwi zingapo, pamene la asidi limatopa pa mazana ochepa. Pogula limapweteka m'thumba, koma mukawerengera mabatire a asidi amene mungasinthe pa zaka zisanu, mtengo wake umamveka. Chofunika n'chakuti inveta yanu ilole kusintha mlingo wa tchaja kuti ugwirizane ndi lithium.

Chinanso chimene chinandivuta ndi nthawi imene inveta imatenga posamuka kuchoka ku magetsi a pakhoma kupita ku batire. PSU ya kompyuta imatha kudzisunga kwa mamilisekondi pafupifupi 16 ikamanyamula katundu wake yense. Mainveta a mtundu wa Axpert ali ndi makonzedwe awiri: la UPS, limene limasamuka pa mamilisekondi pafupifupi 10, ndi la zipangizo za m'nyumba, limene limatenga pafupifupi 20. Yanga inabwera ili pa lachiwirilo, ndipo kompyuta inkazima n'kuyakanso magetsi akapita, mpaka ndinapeza posinthira.

Gogo_wa_Makompyuta anayankha:

Ine ndingawonjeze kuti musanawononge ndalama, muyeze kaye zimene kompyuta yanu imakoka. Pali kamita kolowetsa pasoketi kamene kamaonetsa mawati, ndipo nambala yake ndi yodalirika kuposa zongoyerekeza zathu. Kenaka chepetsani mafulemu (zithunzi zooneka pa sekondi imodzi) m'masewera kufika pa 60 magetsi akazima, chifukwa graphics card ikapanda kukakamizidwa imakoka mphamvu yochepa kwambiri, ndipo mabatire omwewo adzakufikitsani patali. UPS ya online double conversion ndiyo yabwino koposa chifukwa kompyuta imadya kuchokera ku inveta nthawi zonse ndipo palibe kusamuka, koma mafani ake amasokosera usana ndi usiku ndipo imadya magetsi ngakhale palibe vuto. M'chipinda chogona simungaipirire. Ya line-interactive, imene imasamukira ku batire magetsi akavuta, yokhala ndi AVR (chowongolera mlingo wa magetsi) ikukwanirani, makamaka kumene magetsi amabwera ofooka madzulo.

Madalitso_Area25 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndabwereka kamita kaja kwa mnansi wanga, ndipo kakuonetsa 340W ndikamasewera mwachizolowezi, ndi 230W ndikachepetsa mafulemu kufika pa 60. Za batire la galimoto ndazisiya. Ndalama zimene ndili nazo zikukwanira inveta ya 24V ndi mabatire awiri a asidi a mtundu wa gel a 100Ah, lithium ndidzaiganizira m'tsogolo. Funso limene latsala ndi lakuti, kodi ndingagule batire limodzi mwezi uno, lina n'kudzagula pakapita miyezi itatu? Ndipo ndiwaike pati, popeza chipinda changa chimatentha kwambiri mu Okutobala?

Mmisiri_Chilomoni anayankha:

Gulani onse awiri tsiku limodzi, achimwene, a kampani imodzi ndi msinkhu umodzi. Inveta ya 24V siingayake ndi batire limodzi la 12V, ndipo loyambalo likakhala miyezi itatu osatchajidwa lidzayamba kufooka; mabatire olumikizidwa motsatizana akasiyana mphamvu, lofookalo limatha msanga n'kukokera pansi linzake. Ngati ndalama sizinakwane, ndi bwino kudikira.

Kutentha ndi mdani wa batire la asidi, kuphatikizapo la gel: moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25. Aikeni pansi pamalo podutsa mpweya, kutali ndi windo lolowa dzuwa, osati m'kabati yotseka. Pa 340W mabatire adzakhala akutulutsa pafupifupi 17A, koma mawaya ndi fyuzi muzisankhe molingana ndi mphamvu yonse ya inveta, imene pa 1000W imayandikira 50A. Mawaya akhale ochindikala ndi aafupi monga momwe buku la inveta likunenera, ndipo fyuzi ya DC ikhale pafupi ndi mutu wa batire wa positive. Pa 230W mungayembekezere maola anayi mabatire asanafike theka, koma musinthe mlingo wozimira pa inveta kuti izizima yokha isanawatsitse kupyola pamenepo, chifukwa zambiri zimabwera zitaikidwa pa mlingo wotsika kwambiri.