SHACL ikukana manambala anga, ndalakwitsa pati?

kachipangizo92: Anzanga thandizeni, ndikugwiritsa SHACL (malamulo oyezera ngati data yalembedwa bwino), ndaika sh:datatype xsd:decimal (lamulo loti nambala ikhale ya mtundu wa decimal) pa mtengo koma pySHACL, pulogalamu yoyezerayo, ikukana 1500 pomwe 1500.50 ikudutsa bwinobwino, mutu wandiuma kuyambira mmawa abale.

mkulu_wa_data: Vuto ndi Turtle (kalembedwe ka data yanuyo) achimwene, mukalemba 1500 popanda kadontho imawerenga ngati xsd:integer (nambala yathunthu), ndiye sh:datatype sisamala zoti integer inachokera ku decimal, imafuna zofanana ndendende basi. Gwiritsani sh:or (yolola ichi kapena icho), muike mashepu (magulu a malamulo) awiri, ina decimal ina integer.

nachisale_dev: Eee ine zinandipezapo pa maina, xsd:string inkakana "Zomba"@ny chifukwa imeneyo ndi rdf:langString (mawu okhala ndi chizindikiro cha chilankhulo, ngati @ny). Komanso musalembe sh:datatype kawiri pa shepu imodzi, sizololedwa.

kachipangizo92: Zatheka akulu! Ndayesa sh:or yadutsa, zikomo kwambiri nonse.