Kodi galimoto yadzimbiri iliyonse ndi rat rod?

Sipanala: Akuluakulu, ndaona pa YouTube Ford Model A ya 1930 ku America, denga analidula n'kulitsitsa, boneti palibe, dzimbiri lokhalokha. Akuti ndi rat rod. Ndiye chiphapha chilichonse ndi rat rod?

Wagalaja: Ayi achimwene. Kunja ioneke yotheratu, koma injini, kaya ndi flathead V8 (injini yakale ya Ford), izilira bwino. Mwiniwake amawotcherera yekha zitsulo zotolatola, kutengera ma hot rod (magalimoto akale osinthidwa kuti azithamanga kwambiri) a m'ma 1940 ndi 1950.

Nati17: Mkangano weniweni uli pa dzimbiripo. Ena amachita kupenta dala kuti izioneka yadzimbiri. Kwa ine kumeneko n'kunama basi.

Wagalaja: Enanso dzinalo safuna n'kulimva komwe, amati yawo ndi hot rod yosamaliza.

Sipanala: Ine bola mabuleki azigwira. Ya pa YouTube ija ndodo ya giya inali sipanala yowotcherera, ndinaseka.